Amaikonda Ntchito Yawo, Koma Ikuwatha

Mu 2007, ofufuza otsogoleredwa ndi Shailesh Kumar adasindikiza zimene adapeza atafunsa madokotala a matenda a maganizo m'dziko lonse la New Zealand za mmene ntchito ikuwayendera. Mayankho ake anali ndi mbali ziwiri zooneka ngati sizingagone m'nyumba imodzi. Madokotala awiri mwa atatu alionse adaoneka kuti ndi otopa mumtima, ena kufika pa mlingo wodetsa nkhawa. Koma madokotala omwewo atafunsidwa ngati akukhutira ndi ntchito yawo, ambiri adavomera. Zoterezi zidapezekanso ku England m'zaka za m'ma 1990 pakati pa magulu osamalira odwala maganizo m'madera: anthu olema kwambiri, koma oikonda ntchito yawo. Munthu wofulumira kuweruza akhoza kunena kuti limodzi mwa mayankho awiriwa ndi labodza, kuti mwina madokotalawa amakokomeza kutopa pofuna kuwonjezeredwa malipiro, kapena amanamizira kukhutira poopa manyazi. Ine ndikuona kuti mayankho onse awiri ndi oona, ndipo nkhani yonse yagona pa kumvetsa chifukwa chake. Kukhutira ndi kutopa sizitungidwa pa chitsime chimodzi. Dokotala wa maganizo amakhutira chifukwa cha wodwala amene wakhala naye maso ndi maso. Amatopa chifukwa cha zonse zimene zimaima pakati pa iye ndi wodwalayo. Ndipo chikondi chake pa ntchito n'chimene chimabisa vutoli kwa omulemba ntchito, mpaka tsiku limene watula pansi udindo kapena wagona pamphasa.

Mawu a Chingerezi otchulira kutoperatu kotereku akuti burnout, amene chithunzi chake ndi cha chikuni chonyeka mpaka kutsala phulusa, adatchuka kudzera mwa Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo wa ku New York amene adathawa kuchoka ku Germany ali mnyamata m'nthawi ya Hitler. Masana ankaona odwala ake olipira, ndipo madzulo ankathandiza mongodzipereka pa kachipatala kaulere komwe kunkabwera achinyamata ambiri ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Kumeneko adaona anzake amene adabwera ndi mtima wonse akufota pang'onopang'ono. Patatha chaka kapena kuposerapo ankayamba kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kudwaladwala mutu ndi m'mimba, ndiponso kunyansidwa ndi anthu omwewo amene iwo adabwera kudzawathandiza. Adalemba za zimenezi mu 1974, ndipo mfundo yake imodzi siyenera kuiwalika: amene ankagwa msanga anali odzipereka kwambiri aja, osati aulesi. Christina Maslach wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndiye adasandutsa zimenezi kukhala chinthu choyezeka. Mu 1981, iye ndi Susan Jackson adatulutsa mndandanda wa mafunso 22 umene mpaka lero ofufuza ambiri amaudalira. Umayeza zinthu zitatu: kutopa kwa mumtima, kuuma mtima kumene kumachititsa munthu kuona amene akuwathandiza ngati katundu chabe, ndi kudziona ngati palibe chimene akuphulapo pa ntchito. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalemba kutoperatu kumeneku m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11, koma lidanenetsa kuti si matenda ayi. Ndi vuto lochokera kuntchito, lobwera pamene kupanikizika kwatenga nthawi yaitali osathetsedwa.

Mwa zitatuzi, kuuma mtima n'kumene kumaluma kwambiri pa ntchito ya matenda a maganizo. Dokotala wa mafupa ngakhale atatopa akhoza kuyang'anabe chithunzi cha X-ray n'kuona pamene pathyoka. Dokotala wa maganizo alibe chithunzi kapena magazi oyeza amene angamuuze kuti uyu ali ndi schizophrenia, uyu ali ndi matenda okhumudwa, uyu wangosweka mtima ndi maliro. Chipangizo chake chachikulu ndi khutu lake, kuleza mtima kwake, ndi luso lozindikira kuti mayi amene wayankha kuti “ndili bwino” wachedwa pang'ono kuyankha ndipo maso ake ali pansi. Kuuma mtima kukalowa, ndiye kuti chipangizocho chabuntha. Kumayamba mwakachetechete. Wodwala amene kale ankatchulidwa dzina amasanduka “wa pabedi 12” kapena “uja wobwerabwera uja”. Dokotala amafunsa mafunso ake onse mwa dongosolo, koma dzanja lili kale pa pepala lolembera mankhwala ndipo maso akungothamangira ku wotchi. Palibe cholakwa chimene woyendera chipatala angachipeze m'fayilo. Koma wodwala amazindikira msanga kuti sakumvedwa, ndipo munthu amene waona kuti sakumvedwa saulula kuti usiku wathawu amaganiza zodzipha. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati kutopa kwa madokotalawa ndi nkhani ya iwo eni ndi mabanja awo. Kumafika mpaka pa mpando umene wodwala wakhalapo.

Nanga vutoli n'lalikulu bwanji? Kafukufuku wa Nikolina Jovanović ndi anzake, wosindikizidwa mu 2016, adafunsa madokotala 1,980 amene ankaphunzira ukatswiri umenewu m'mayiko 22, ndipo pafupifupi 37 pa 100 alionse adapezeka otoperatu kwambiri. Mu 2020, Richard Summers ndi anzake adafalitsa mayankho a madokotala a maganizo 2,084 a ku North America, ndipo 78 pa 100 alionse adadutsa mlingo umene ofufuzawo adauika ngati chizindikiro cha kutoperatu. Mu 2018, Karen O'Connor ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, anamwino ndi aphungu omwe, n'kupeza kuti otopa mumtima ndi 40 pa 100, ouma mtima ndi 22, pamene odziona ngati olephera ndi 19. Manambala omalizawa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Otopa achuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene ataya chikhulupiriro pa ntchito yawo. Pali khamu lalikulu la anthu amene mphamvu zawathera koma akudziwabe kuti chimene akuchita n'chaphindu.

Wotsutsa woyamba ali ndi mfundo yolimba ndipo ayenera kumvedwa. Iye akuti: kuno 37, uko 78, kwina 40, kodi mukuyeza chinthu chimodzi? Mu 2018 magazini ya JAMA idasindikiza ntchito ya Lisa Rotenstein ndi anzake, amene adaunika kafukufuku 182 wokhudza madokotala oposa 100,000 m'mayiko 45. Adapeza kuti chiwerengero cha otoperatu chinkayambira pa 0 mpaka kupitirira 80 pa 100, ndipo ofufuza adagwiritsa ntchito matanthauzo osiyanasiyana osachepera 142. Pamwamba pa apo, mafunso oterewa amayankhidwa ndi amene afuna, ndipo n'kutheka kuti wotopa ndiye amafulumira kuyankha. Zonsezi n'zoona, ndipo amene amalengeza nambala imodzi ngati kuti waiwerenga pa sikelo akunamiza anthu. Komabe kusiyana kwa zitini zoyezera sikutanthauza kuti m'thumba mulibe chimanga. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ngakhale manambala akusiyana chonchi, zinthu zoyendera limodzi ndi kutopako zimangobwerezabwereza. Kwa ophunzira a m'mayiko 22 aja, kutoperatu kunkapezeka kwambiri mwa amene ankagwira maola ochuluka, amene analibe dokotala wamkulu wokhala nawo pansi kukambirana za odwala awo, ndi amene analibe nthawi yokhazikika yopuma. Kwa a ku North America, chimodzi mwa zazikulu chinali kusakhala ndi mphamvu pa ndondomeko ya tsiku lawo, ndipo amayi ankatopa kuposa abambo. Zitini zosiyana zikamaloza malo amodzimodzi, malowo ndi oyenera kukumbidwa.

Kuti timvetse mmene munthu angakhalire wotopa ndi wokhutira nthawi imodzi, maganizo akale a Frederick Herzberg amathandiza. Mu 1959, atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 ku Pittsburgh za masiku amene adasangalala ndi amene adanyansidwa kuntchito, iye adaona kuti anthu pofotokoza chisangalalo ankatchula ntchito yeniyeniyo, zimene adakwanitsa ndi ulemu umene adalandira, pamene pofotokoza kunyansidwa ankatchula malamulo a kampani, mabwana ndi malo ogwirira ntchito. Akatswiri ena adatsutsa njira imene iye adafunsira, ndipo sindikunena kuti maganizo akewo ndi lamulo. Koma kwa madokotala a maganizo, mfundo yakeyi ikukanda pamene payabwa. Ambiri adasankha ukatswiri umenewu chifukwa ndi umene umalola dokotala kumva mbiri yonse ya munthu, kumudziwa kwa zaka, ndi kuona mnyamata amene adabwera atamangidwa manja akubweranso yekha, atasamba, kudzatenga mankhwala asanapite kuntchito. Chimwemwe chimenecho n'chenicheni ndipo sichitha ndi ukalamba. Tait Shanafelt ndi anzake a ku Mayo Clinic adapeza mu 2009 kuti madokotala amene ankathera nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu pa mbali ya ntchito imene amaiona kuti ndi yatanthauzo kwa iwo ankatoperatu kwambiri kuposa anzawo. Tsiku limodzi lokha pa sabata ya masiku asanu linkabweretsa kusiyana. Kafukufuku ameneyu sanali wa madokotala a maganizo, koma akutiuza kuti kuchuluka kwa ntchito si nkhani yonse. Pali funso lakuti maolawo akuthera pa chiyani.

Chimene chimatha dokotala wa maganizo ndi kusenza udindo wopanda mphamvu zake. Robert Karasek adaonetsa mu 1979 kuti ntchito yowononga kwambiri munthu ndi imene imamufuna zambiri koma osamupatsa mpata wosankha mmene angaigwirire, ndipo m'zipatala za boma za maganizo zimenezi zimaoneka ndi maso. Ku England, mabedi a odwala maganizo anali oposa 67,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pofika 2019 adatsala pafupifupi 18,000. Kutseka zipatala zikuluzikulu zimene anthu ankatsekeredwamo moyo wonse kunali koyenera, koma thandizo la m'madera limene linkayenera kulowa m'malo mwake silidakule mofanana. Zotsatira zake zimagwera dokotala amene ali pa ntchito Lachisanu usiku. Waona wodwala, watsimikiza kuti ayenera kugonekedwa, wauza achibale. Kenako foni: kuno kwadzaza, uko kwadzaza, bedi lilipo koma pa mtunda wa makilomita mazana angapo, kutali ndi mkazi ndi ana a wodwalayo. Mwina atulutse wina amene sanachire bwinobwino kuti uyu alowe. Chilichonse chimene angasankhe, dzina lolembedwa pansi pa pepala ndi lake. Iye sadatseke mabediwo ndipo sagawa ndalama za boma, koma zikalakwika ndi iye amene adzaitanidwa kukafotokoza.

Apa ndi pamene tiyenera kuimapo pang'ono, pa imfa ya wodwala wodzipha, chifukwa palibe chinthu china chimene chimasiyanitsa ntchitoyi ndi ukatswiri wina ngati chimenechi. Kafukufuku wa David Alexander ndi anzake, wosindikizidwa m'magazini ya BMJ mu 2000, adafunsa madokotala akuluakulu a maganizo 247 ku Scotland. Mwa iwo, 68 pa 100 alionse adatayapo wodwala m'njira imeneyi. Mmodzi mwa atatu alionse mwa amenewa adanena kuti adavutika ndi kukhumudwa, kusowa tulo kapena kupsa mtima, ndipo 15 pa 100 adaganizapo zopuma pa ntchito nthawi isanakwane. Wodwala khansa akamwalira, anthu amati matenda apambana. Wodwala maganizo akadzipha, funso loyamba limakhala lakuti ndani sadaone. Fayilo imawerengedwa kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro, ndipo chiganizo chilichonse chimene tsiku limenelo chinali wamba chimasanduka chenjezo limene dokotala adalinyalanyaza. Koma kodi n'zoona kuti imfa yotere imaoneka ikubwera? Mu 2016 Matthew Large ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku wa njira zogawira odwala m'magulu a chiopsezo, n'kupeza kuti mwa oikidwa m'gulu la chiopsezo chachikulu pafupifupi 95 pa 100 sadadziphe, ndipo pafupifupi theka la amene adadzipha anali m'gulu lotchedwa la chiopsezo chochepa. Chaka chotsatira Joseph Franklin ndi anzake adaunika kafukufuku 365 wa zaka 50 n'kuona kuti kulosera kumeneku kumangoposa pang'ono kungoganizira mwamwayi. Mu 2022 bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE ku Britain lidalangiza poyera kuti mafomu oyezera chiopsezo asamagwiritsidwe ntchito polosera amene adzadziphe. Izi sizikutanthauza kuti kudzipha n'kosapeweka. Chisamaliro chabwino, kutsatira wodwala akangotuluka m'chipatala, ndi kuchotsa zinthu zoopsa pafupi zimapulumutsa miyoyo. Sizikutanthauzanso kuti banja lolira lilibe ufulu wofunsa, pakuti nthawi zina kusasamala kumakhalapodi. Chimene ndikunena n'chakuti dokotala amaweruzidwa ngati mlosi pamene sayansi yake yavomereza kale kuti singalosere munthu payekhapayekha. Amene amakhala pansi pa mlandu wotere amaphunzira kudziteteza, ndipo ola limene likanathera pa kumvetsera limathera pa kudzaza mafomu oti adzamuchitire umboni.

Palinso zina zimene sizifuna mawu ambiri. Dokotala wa maganizo ndi mmodzi mwa ochepa amene lamulo limawapatsa udindo wotsekera munthu m'chipatala ndi kumupatsa mankhwala iye akukana, ndipo mawa lake ayenera kupempha munthu yemweyo kuti amukhulupirire. M'mawodi ena kutukwanidwa ndi kumenyedwa zimachitika. Ndipo chitonzo chimene anthu amaika pa odwala misala chimadonthera pa owasamalira, mpaka madokotala anzawo ena amawaona ngati si madokotala enieni.

N'chifukwa chake ena ayamba kukana mawu akuti burnout omwewo. Mu 2018 Wendy Dean, amene ndi dokotala wa maganizo, ndi Simon Talbot, dokotala wa opaleshoni, adalemba kuti chimene chikuvuta madokotala ndi bala la pachikumbumtima. Ganizoli adalitenga kwa Jonathan Shay, dokotala wa maganizo amene ankathandiza asilikali a America obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Mfundo yawo ndi yakuti kunena kuti munthu watheratu kumamveka ngati vuto lili mwa iye, kuti nkhuni zake zinali zochepa, pamene chomupweteka ndi kudziwa chimene wodwala akufunika n'kumalephera kuchipereka tsiku ndi tsiku. Kuyerekeza chipatala ndi bwalo la nkhondo kukhoza kupitirira muyezo, ndipo sindikuona chifukwa chotayira mawu akale aja. Koma ganizoli likufotokoza bwino za ku New Zealand zija. Munthu amene sasamala za odwala sangavulale chikumbumtima. Chikondi chimene chimabweretsa kukhutira ndi chomwecho chimene chimatsegula khomo la ululu.

Wotsutsa wachiwiri amaloza dokotala mwiniyo. Akuti ntchitoyi imakoka anthu ofewa mtima, ena amene adavutikapo okha kapena ndi abale awo, ndipo chimene tikuchitcha kutoperatu ndi matenda okhumudwa ovala malaya ena. Renzo Bianchi, Irvin Schonfeld ndi Eric Laurent adalemba mu 2015 kuti malire pakati pa ziwirizi ndi osaoneka bwino, ndipo chenjezo lawo n'lofunika. Dokotala amene akudwaladi kukhumudwa akhoza kudzinamiza kuti wangotopa, chifukwa kutopa kulibe manyazi, n'kupita kutchuthi m'malo mokaonana ndi mnzake amene angamuthandize. Sing'anga nayenso amafuna womutemera pamsana. Koma mfundoyi siikwanira kufotokoza zonse. M'kafukufuku wa Summers uja, pamene 78 pa 100 adaoneka otoperatu, amene adaonetsa zizindikiro zazikulu za matenda okhumudwa anali 16 pa 100. Ndipo ngati vuto likanakhala kufooka kwa mtima, tikadayembekezera kuti olimba mtima apulumuke. Colin West ndi anzake adayeza zimenezi mu 2020 pakati pa madokotala oposa 5,000 a ku America. Adapeza kuti madokotala ndi opirira kuposa anthu ogwira ntchito zina, ndipo ngakhale mwa amene adapeza mamalikisi apamwamba kwambiri a kupirira, 29 pa 100 anali otoperatu.

Wachitatu akuti madokotala a maganizo asamalire kwambiri, popeza anzawo a kumalo a ngozi ndi amene akuona zakuda. Pamenepa pali choonadi. Kafukufuku wamkulu wa Shanafelt wa mu 2012, wa madokotala oposa 7,000 a ku America, adaika a kumalo a ngozi pamwamba, ndipo a maganizo sanali m'gulu la otopetsetsa. Koma tiyeni tione chifukwa chake. Ku America madokotala ambiri a maganizo ali ndi maofesi awoawo, amasankha odwala angati pa tsiku ndiponso mphindi zingati aliyense. Tara Bishop ndi anzake adapeza kuti cha m'ma 2010 pafupifupi 55 pa 100 okha mwa iwo ndi amene ankalandira odwala olipira kudzera ku kampani za inshuwalansi, pamene kwa madokotala a ukatswiri wina chiwerengerocho chinkayandikira 89. Mwachidule, ambiri adadzipezera mtendere pochoka pamene pali moto. Zimenezi zikutsimikiza kuti ntchito yokhayo, yomvetsera masautso a anthu tsiku lonse, si imene imapha; ikagwiridwa ndi nthawi yokwanira munthu amakalamba nayo. Koma mtendere umenewu uli ndi woulipira. Dokotala aliyense wochoka m'chipatala cha boma amasiya mzere wake wa odwala kwa otsala, ndipo odwala kwambiri, amene nthawi zambiri ndi osauka kwambiri, sangamutsatire.

Apa ndi pamene kukhutira kuja kumasanduka msampha. Woyang'anira chipatala akaona kuti madokotala ake akunena kuti amaikonda ntchito, amagona tulo. Saona kuti mipata imene ndalama sizidatseke ikutsekedwa ndi nthawi ya chakudya chamasana, ndi madzulo amene dokotala akulemba malipoti ana atagona, ndi tchuthi chimene sichidatengedwe chifukwa panalibe wosiyira odwala. Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Aliyense amafuna kuomba yomweyo, ndipo popeza ikulirabe, palibe amene amayang'ana chikopa. Ndiye funso lakuti “kodi mukukhutira ndi ntchito yanu?” ndi losakwanira, mwinanso losocheretsa. Mafunso oulula zoona ndi ena: mwezi wathawu mwagwira maola angati osalipidwa, mudakhala liti pansi ndi wamkulu wanu kukambirana wodwala wokuvutani, ndipo mukuganiza kuti zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala muli pano?

Pa za mankhwala a vutoli, umboni ulipo ngakhale si wochuluka. Kuunika kwa West ndi anzake m'magazini ya The Lancet mu 2016 kudasonyeza kuti njira zothandiza dokotala payekha, monga kuphunzira kukhazika mtima pansi, ndi njira zosintha kayendetsedwe ka ntchito, zonse zimachepetsako kutopa. Chaka chotsatira Maria Panagioti ndi anzake adapeza kuti zosintha kayendetsedwe ka ntchito ndi zimene zimathandiza kwambiri. Sindikunyoza maphunziro a kupuma ndi kusinkhasinkha. Amene amuthandiza apitirize. Choipa ndi pamene chipatala chawapereka m'malo mwa kulemba namwino wina, kapena kuwaika pa ola la nkhomaliro la munthu amene kale sankadya. Ukatswiri wa maganizo uli ndi chida chakechake chimene chidayesedwa kalekale. M'zaka za m'ma 1950 ku Tavistock Clinic ku London, Michael Balint ndi mkazi wake Enid adayambitsa timagulu ta madokotala okumana kawirikawiri kukambirana za wodwala mmodzi amene wawakhala pamtima, osati za mlingo wa mankhwala koma za zimene zikuchitika pakati pa dokotala ndi wodwalayo. Timagulu totere, pamodzi ndi ola lotetezedwa la kukambirana ndi wamkulu, ndi zinthu zotsika mtengo, koma ndi zimene zimayamba kufufutidwa pa ndondomeko odwala akachuluka. Chimodzimodzinso kafukufuku wa pambuyo pa imfa ya wodwala: akhoza kuchitidwa mofuna kuphunzira, banja likumvedwa ndipo dokotala ali ndi womuyimira pafupi, kapena mofuna kupeza wopachika.

Wotsutsa womaliza ndi wa kwathu kuno, ndipo mawu ake ndi olemera. Akuti zonsezi ndi madandaulo a mayiko okhuta. Lipoti la WHO la 2020 lidasonyeza kuti m'mayiko osauka ogwira ntchito za umoyo wa maganizo sakwana awiri pa anthu 100,000 alionse, pamene m'mayiko olemera amaposa 60. Ku Malawi, dziko la anthu oposa 17 miliyoni pa kalembera wa 2018, madokotala a ukatswiri umenewu kwa zaka zambiri akhala owerengeka ndi zala, ndipo katundu wamkulu amasenzedwa ndi anamwino ndi ma clinical officer, ku chipatala cha Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu ndi m'zipatala za m'maboma. Pamene wodwala akusowa ngakhale mankhwala, tingayambe bwanji kulira m'malo mwa dokotala? Yankho langa n'lakuti kuchepa kwawoko n'kumene kukupangitsa nkhaniyi kukhala yathu kuposa ya ku London. Kumene kuli madokotala zikwi, mmodzi akachoka mzere umatalika pang'ono. Kumene ali owerengeka, mmodzi akachoka chigawo chonse chimatsala chopanda wofunsako, ndipo ophunzira amatsala opanda mphunzitsi. Makomo otulukira ndi otsegula, kupita kunja kapena ku mabungwe olipira bwino. Ndipo kutopa kumeneku kwayezedwapo kale m'zipatala zathu: Maria Kim ndi anzake adapeza mu 2018 kuti mwa ogwira ntchito 520 osamalira anthu amene ali ndi HIV ku Malawi, 62 pa 100 anali otoperatu, ndipo otopawo ndi amene ankavomereza kawirikawiri kuti chisamaliro chimene amapereka chimaperewera.

Njira imene mayiko ngati athu atsata ndi yogawana ntchito, imene WHO idailimbikitsa kudzera mu ndondomeko ya mhGAP kuyambira 2008. Chitsanzo chodziwika bwino chili ku Zimbabwe, ndipo chidabadwa m'bala lomwe lija la imfa ya wodwala. Dixon Chibanda, amene wanenapo kuti anali mmodzi mwa madokotala a maganizo 12 okha m'dziko lonselo, wakhala akufotokoza poyera za mtsikana amene ankamuthandiza, amene adadzipha kumudzi kwawo chifukwa banja lidasowa ndalama ya basi yobwerera naye ku Harare. Iye sadaone imfayo ngati umboni wakuti ayenera kugwira maola ochuluka. Adaona kuti thandizo lili kutali kwambiri ndi anthu. Cha m'ma 2006 adayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa anthu 573 wosindikizidwa mu JAMA mu 2016 adapeza kuti patatha miyezi 6, pafupifupi 14 pa 100 mwa amene adakhala pa benchi anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 mwa amene adalandira chisamaliro cha masiku onse.

Komabe kugawana ntchito kuli ndi minga yake iwiri, ndipo yonse ikuchokera pa mfundo imene tayenda nayoyi. Woyamba ndi wakuti katundu akhoza kungotsitsidwa kuchoka pamutu pa dokotala kupita pamutu pa namwino wa kuboma, amene ali yekha, malipiro ake ndi ochepa, ndipo alibe womufunsa akakumana ndi wodwala womuzunguza mutu. Benchi ya ku Harare idayenda chifukwa agogo aja anali ndi owayang'anira ndiponso kotumiza odwala owapitirira msinkhu. Wachiwiri ndi wakuti dokotala wa maganizo m'dongosolo lotere amasanduka mphunzitsi, woyendera zipatala ndi wokhala m'misonkhano, ndipo odwala amene amamufika ndi ovuta okhaokha, kwa mphindi zochepa. Tamuchotsera mbali ina ya katundu, koma tamuchotseranso chimene chidamukokera ku ntchitoyi. Ndondomeko yogawana ntchito imene ingakhalitse iyenera kulemba zinthu ziwirizi mu bajeti ndi pa kalendala: mafuta a galimoto ndi ola lokhazikika loti namwino wa kuboma azikambirana odwala ake ndi katswiri, ndiponso tsiku limodzi pa sabata limene katswiriyo aziona odwala akeake, omwewo mwezi ndi mwezi, chitseko chili chotseka ndipo foni ili kwa wina.